Momwe mungaulutsire ndege yankhondo yakale ya injini ziwiri, kuyambira ponyamuka mpaka potera

Ndege zankhondo za injini ziwiri zimene zinauluka pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse zatsala zochepa kwambiri, ndipo zimene zikuulukabe zili m'manja mwa malo osungirako zinthu zakale ndi anthu achuma a m'mayiko monga America, Canada ndi Austria. Munthu wa kuno ku Chipata, ku Katete kapena ku Lundazi amene mtima wake uli pa ndegezi, njira imene ali nayo ndi pulogalamu ya pakompyuta yoyeserera kuulutsa ndege. Mapulogalamu a masiku ano amatsanzira khalidwe la ndege iliyonse mosamala kwambiri, moti cholakwa chimene chinkapha anyamata ongoyamba kumene mu 1942 chidzakugwetsani inunso mukachibwereza. Malangizo otsatirawa akhudza makamaka ndege ziwiri, Lockheed P-38 Lightning ya ku America ndi de Havilland Mosquito ya ku Britain, chifukwa ngakhale zonse zili ndi injini ziwiri, zimafuna manja ndi mapazi osiyana.

Yambani ndi zipangizo. Pulogalamu ya DCS World ili ndi Mosquito, ya IL-2 Sturmovik ili ndi P-38 ndi Messerschmitt Bf 110, pamene War Thunder imapezeka kwaulere koma imaphunzitsa kanthu pokhapokha mutaiika pa mulingo wotsanzira ndege yeniyeni, osati uja wosewera chabe. Mapulogalamuwa ndi aakulu ndipo amadya mabandulo, choncho ndi bwino kuwakopera pamalo pamene pali intaneti yosawerengera. Chofunika kuposa kompyuta yamphamvu ndi joystick, ndodo yowongolera ndege yolumikiza ku kompyuta, ndipo ikhale yotha kupotoka ngati simungapeze zopondera mapazi, chifukwa chiwongolero cha kumchira chimafuna kukankhidwa pang'onopang'ono, pamene batani la kiyibodi limangodziwa zonse kapena ayi. Konzaninso mabatani kuti injini iliyonse ikhale ndi throttle yakeyake, chowonjezera ndi kuchepetsa mphamvu ya injini. Mukazimanga pamodzi pa batani limodzi, theka la zimene ndegezi zimaphunzitsa mwalitaya.

P-38 inauluka koyamba pa 27 Januwale 1939, ndipo mmodzi mwa amene anaijambula anali Clarence "Kelly" Johnson. Maonekedwe ake sasokonezeka ndi ndege ina: matupi awiri aatali, lililonse ndi injini ya Allison V-1710 kutsogolo ndi mchira wake kumbuyo, ndipo woyendetsa amakhala m'kachipinda kapakati pa phiko. Ili ndi tayala kutsogolo pansi pa mphuno, imawongoleredwa ndi chogwirira chonga chiwongolero cha galimoto m'malo mwa ndodo, ndipo mapulopela ake amazungulira mosemphana, kotero kuti mphamvu yopotoza ya injini imodzi imathetsedwa ndi inzake. Anapanga zoposa pang'ono 10,000.

Mosquito inauluka koyamba pa 25 Novembala 1940, ndipo thupi lake ndi la matabwa: mtengo wopepuka wa balsa pakati pa mapulayiwudi awiri, zomatidwa ndi guluu. Zigawo zake zambiri zinkapangidwa ndi akalipentala amene nkhondo isanayambe ankakhoma mipando ndi makabati, makamaka m'tauni ya High Wycombe, ndipo mmisiri aliyense wa matabwa amene amagwira ntchito pafupi ndi msika wa Kapata ayenera kumva kukoma podziwa kuti ndege imene inali m'gulu la zothamanga kwambiri pa nthawi yake inatuluka m'manja mwa anthu a ntchito yake. Zonse pamodzi zinapangidwa 7,781 ku Britain, ku Canada ndi ku Australia. Injini zake ndi za Rolls-Royce Merlin, mapulopela onse awiri amazungulira mbali imodzi, ndipo tayala lachitatu lili kumchira. Zinthu ziwiri zomalizazi ndi zimene zidzakuvutitsani pa tsiku loyamba.

Musanayatse injini, mvetsani mfundo imodzi imene zonse zatsamirapo. Injini za ndegezi sizili pakati, zili m'mbali, ndipo iliyonse ikukoka mbali yake. Aliyense amene anayendetsapo ngolo amadziwa chimene chimachitika ng'ombe yakumanzere ikaima pamene yakumanja ikukokabe: ngolo imakhotera kwa ng'ombe yaima ija. Ndege nayo injini yakumanzere ikafa, mphuno imathawira kumanzere, phiko lakumanzere limatsika, ndipo ngati woyendetsa sachitapo kanthu msanga ndege imagudubuzika chagada. Chimene chimaletsa zimenezi ndi chiwongolero cha kumchira, koma mphamvu ya chiwongolerocho imachokera ku mphepo yodutsa pa icho. Liwiro likachepa mphepo imachepa, ndipo pali liwiro lina limene pansi pake, ngakhale mutaponda chopondera mpaka kumapeto, injini yamoyo ikakhala pa mphamvu yonse imakugonjetsani. Liwiro limeneli liloweze pamtima pa ndege iliyonse musanainyamule. Pa P-38 oyendetsa ankaphunzitsidwa mamailosi 120 pa ola, omwe ndi makilomita pafupifupi 190. Pa Mosquito ndi lokwera kwambiri, pafupifupi makilomita 300 pa ola malinga ndi kulemera kwake ndi mphamvu imene mwapereka, chonsecho ndegeyo imachoka pansi ili pa makilomita pafupifupi 200.

Zoyang'ana pansi n'zachidule. Onani kuti injini iliyonse ikumwa mafuta ku thanki yoyenera, mapulopela ali pa kuzungulira kofulumira, ndipo zitseko za maradiyeta oziziritsa injini n'zotsegula. Musachedwe pansi ndi Mosquito, popeza maradiyeta ake ali m'mphepete mwa phiko pakati pa thupi ndi injini, ndipo popanda mphepo madzi amatentha msanga. Poyenda kupita kumsewu wonyamukira, khotani ndi injini: kuti mupite kumanzere onjezani pang'ono yakumanja. Mabuleki a Mosquito amagwira ndi mpweya, mumafinya kachitsulo ka pa ndodo kwinaku mukuponda mbali imene mukufuna, ndipo mpweyawo umatha mukamaufinyafinya popanda chifukwa.

Kunyamula P-38 n'kosavuta, ndipo n'chifukwa chake ndikulangiza kuti muyambe ndi imeneyi. Imani molunjika pakati pa msewu, gwirani mabuleki, kwezani injini zonse pamodzi mpaka muone kuti mawotchi a mbali zonse akugwirizana, kenaka masulani. Ndege idzathamanga mowongoka yokha. Kokani chogwirira mofatsa, ndipo mukangochoka pansi pindani matayala, koma musakwezeretu mphuno. Isiyeni iuluke chapansipansi kufikira liwiro litapitirira mamailosi 120 aja, ndiye muyambe kukwera.

Mosquito imafuna kuleza mtima. Chifukwa mapulopela onse akuzungulira mbali imodzi, imakhotera kumanzere mukangopereka mphamvu, ndipo pa nthawi imeneyo chiwongolero cha kumchira chimakhala chisanapeze mphepo yokwanira. Choncho kankhani throttle yakumanzere patsogolo pang'ono kuposa yakumanja, ndipo muzikankha zonse mosathamanga. Liwiro likayamba kukwera, nyamulani mchira pang'onopang'ono, chifukwa kuunyamula mwadzidzidzi kumawonjezera kukhota kuja. Chiwongolero chikayamba kumva, fananitsani injini zonse. Mukaona kuti ndege yakhota kwambiri ndipo ikulowera kutchire, musalimbane nayo powonjezera mphamvu: tsekani injini zonse n'kuyambiranso. Ndege ya tayala lakumchira kulemera kwake kuli kumbuyo kwa matayala aakulu, ndiye ikayamba kuzungulira imafuna kupitiriza mpaka mchira utatsogola, ndipo miyendo ya matayala imathyoka. Bristol Beaufighter, ndege inanso ya ku Britain ya injini ziwiri, imene magulu 16 ndi 19 a asilikali a m'mlengalenga a ku South Africa anaiulutsa, inali ndi mbiri yomweyi ya kukhota ponyamuka, kungoti ya injini za Hercules inkathawira kumanja.

Tsopano tifike pamene pagona nkhani, injini ikafa mutangonyamuka. Ikani vutoli dala mu pulogalamu yanu, ndipo mulibwereze kufikira mapazi atayamba kuyankha mutu usanaganize.

Ngati matayala akadali pansi, tsekani injini zonse ndi kuima, ngakhale zitatanthauza kupitirira mapeto a msewu. Ngati mwachoka pansi koma liwiro lija simunalifike, chimene mtima udzakuuzani ndi kukankha injini yamoyo mpaka kumapeto kuti musagwe, ndipo chimenecho ndicho chinapha oyendetsa P-38 ambiri m'zaka zoyambirira, chifukwa ndi mmene anali ataphunzirira pa ndege zina za injini zofooka. Pa P-38 mphamvu yonse mbali imodzi pa liwiro lochepa inkaitembenuza chagada m'kanthawi kochepa. Njira imene inapezeka pambuyo pake ndi yosemphana ndi maganizo: chepetsani mphamvu ya injini yamoyo kufikira ndege itamveranso chiwongolero, tsitsani mphuno kuti liwiro likwere, ndipo pokhapo muyambe kubwezera mphamvu pang'onopang'ono. Mtunda ukakhala wosakwanira kuchita zimenezi, terani kutsogolo kwanu mapiko ali mopingasa bwino. Ndege yotera ndi mimba m'munda anthu amatulukamo, koma yogwa chagada satulukamo.

Liwiro likakhala lokwanira, dongosolo lake ndi ili. Pondani chopondera cha mbali ya injini yamoyo mpaka mphuno italeka kuthawa. Pindani matayala ndi mafulapu, zigawo za kumbuyo kwa mapiko zimene zimatsitsidwa kuti ndege iuluke pa liwiro lochepa, popeza zonsezi zimakoka ndege m'mbuyo. Kenaka dziwani injini imene yafa, ndipo musadalire makutu kapena wotchi yowerenga kuzungulira, chifukwa pulopela ya injini yakufa imapitiriza kuzungulira ndi mphepo ndipo wotchi ikhoza kukunamizani. Funsani mapazi anu: phazi limene silikugwira ntchito lili mbali ya injini yakufa. Musanazimitse chilichonse, bwezani throttle ya injini imene mukuikayikirayo. Ngati palibe chasintha, mwalondola. Ngati ndege yangoti zii ndi kuyamba kutsika, mwagwira yamoyo, ibwezereni msanga. Sitepe imeneyi ongoyamba amaidumpha chifukwa cha changu, ndipo kuzimitsa injini yabwino kwagwetsa ngakhale ndege zamakono zonyamula anthu. Mukatsimikiza, tembenuzani masamba a pulopela yakufayo kuti aloze mphepo ndi m'mphepete mwake, chimene oyendetsa amachitcha feathering. Pulopela ikaima mudzamva ndege ikupepuka ndipo phazi lanu lidzapumako, chifukwa pulopela yozunguliridwa ndi mphepo imakoka m'mbuyo kwambiri. Pomaliza pendeketsani mapiko pang'ono, madigiri osapitirira 5, kumbali ya injini yamoyo, ndipo sinthani trim ya chiwongolero, kachipangizo kogwira chiwongolerocho pamene mwachiika, kuti mwendo usatope.

Pali chinthu china chobisika pa P-38. Mphuno ikakwera, tsamba la pulopela limene likutsika limakoka kwambiri kuposa limene likukwera. Pa ndege imeneyi mapulopela amazungulira nsonga zake zakumwamba zikulowera kunja, ndiye masamba otsikawo ali kutali ndi thupi mbali zonse ziwiri. Zotsatira zake n'zakuti injini iliyonse imene ingafe, yotsalayo ikukoka kuchokera patali, ndipo palibe mbali yochitira chifundo. Ndege yofatsa injini zonse zikamayenda imakhala yaukali chimodzimodzi kumanzere ndi kumanja imodzi ikafa.

Mukafika m'mwamba, musayembekezere kuti ndegezi zitembenuka ngati Spitfire, ndege yankhondo ya ku Britain ya injini imodzi. Injini zolemera zili kutali ndi pakati, choncho zimachedwa kuyamba kupendekeka ndiponso zimachedwa kuleka. Ajeremani anaphunzira zimenezi mowawa mu 1940, pamene Bf 110, imene anaipanga kuti iziperekeza ndege zoponya mabomba, inagwetsedwa yambiri pa Britain ndi ndege za injini imodzi, ndipo ntchito imene inadzaiyenera pambuyo pake inali yosaka usiku. Menyani nkhondo ndi mtunda ndi liwiro: khalani pamwamba, tsikirani mdani, ombani, kwereraninso. Ubwino waukulu uli pa mfuti. Popeza kumphuno kulibe injini, P-38 inanyamula pamenepo mfuti yaikulu ya mamilimita 20 ndi zina zinayi za mamilimita 12.7, zonse zolunjika kutsogolo, pamene ndege za mfuti za m'mapiko zipolopolo zake zimakumana pa mtunda umodzi wokha. Mosquito yomenya nkhondo inali ndi zinayi za mamilimita 20 pansi pa chipinda ndi zinayi zazing'ono kumphuno. Richard Bong, amene anagwetsa ndege 40, kuposa Mmereka wina aliyense, anazigwetsa zonse ali mu P-38. Mukakakamizika kuzungulira ndi mdani, P-38 ili ndi malo apadera otsitsira mafulapu pang'ono kuti ikhote mothina, ndipo chifukwa cha mapulopela osemphana aja siigwetsa phiko limodzi liwiro likachepa. Mitundu yomaliza ya P-38, kuyambira kumapeto kwa J ndi L yonse, inapatsidwa mphamvu ya hayidiroliki pa zopendeketsa mapiko, ndipo kusiyana kwake mudzakumva m'dzanja.

Chenjerani ndi kutsika chamutu kuchokera pamwamba kwambiri. P-38 inali imodzi mwa ndege zoyamba kuthamanga mpaka mphepo yodutsa pamwamba pa phiko kuyandikira liwiro la phokoso, ndipo zikatero ndege imanjenjemera, mphuno imalowa pansi yokha, chogwirira chimauma ngati chakhomeredwa. Woyesa ndege wa kampani ya Lockheed, Ralph Virden, anafa mu Novembala 1941 akufufuza vutoli. Mankhwala ake anafika mu 1944, timafulapu tapansi pa phiko totsitsidwa ndi magetsi. Ngati mtundu umene mukuulutsa uli nato, titsitseni musanayambe kutsika. Ngati ulibe, bwezani injini, musaimike ndege chamutu kwenikweni, ndipo mukagwidwa dikirani mpweya wokhuthala wa m'munsi, kumene chogwirira chimayambanso kumvera. Kukoka ndi mphamvu zonse nthawi imeneyo kukhoza kuthothola mchira.

Chimene chimakopa anthu ambiri pa ndegezi, kupatula maonekedwe ndi kulira kwa injini ziwiri zikagwirizana, ndi kutalika kwa ulendo. Pa 18 Epulo 1943 ma P-38 ananyamuka pa chilumba cha Guadalcanal m'nyanja ya Pacific, nauluka chapansi pamwamba pa nyanja mtunda wautali, n'kukagwetsa ndege ya mkulu wa asilikali apamadzi a Japan, Isoroku Yamamoto, pa chilumba cha Bougainville, ndipo panalibe ndege ina yomenya nkhondo m'deralo imene ikanafikako. Kuti mulawe zimenezi, konzani ulendo wa ola lathunthu, muphunzire kusintha mathanki mafuta asanathe ndi kufananitsa kuzungulira kwa mapulopela mpaka kugunda kwa phokoso kutatha. Nkhondoyi si ya kutali ndi ife monga ena amaganizira. Asilikali a Northern Rhodesia Regiment anamenya nawo ku Burma, kumene Beaufighter ndi Mosquito zinkaulukanso, ndipo kumeneko mu 1944 mapiko a Mosquito zina anapezeka akumatuka, mpaka ndegezo zinaimitsidwa kwa kanthawi pofufuza ngati vuto linali chinyezi ndi kutentha kapena kamatidwe ka kufakitale. Ena mwa oyendetsa ndege za injini ziwiri anaphunzira kuponda chiwongolero kuno kum'mwera kwa Africa, pa ndege yophunzitsira ya Airspeed Oxford m'mabwalo a pafupi ndi Bulawayo.

Kutera ndi injini zonse ziwiri sikufuna mawu ambiri. P-38 iterereni pa matayala aakulu n'kusiya mphuno itsike yokha. Mosquito ibweretseni ndi mphamvu pang'ono mpaka pafupi ndi pansi, ndipo mapazi asagone kufikira itaima, chifukwa kukhota kuja kumabweranso liwiro likamatha.

Kutera ndi injini imodzi ndiko kumafuna kukonzekera. Bwerani muli pamwamba ndi pa liwiro loposa la masiku onse, matayala ndi mafulapu zili zopinda, ndipo pokhota sungani liwiro, makamaka mukakhotera mbali ya injini yakufa. Tsitsani matayala pokhapokha mutaona kuti msewu muufika, ndipo mafulapu onse atsike pamapeto penipeni. Kumbukirani trim imene munaika: mukamabweza injini yamoyo, ndege idzakhotera mbali inayo, choncho ibwezereni pakati musanafike pansi kapena konzekerani kuponda phazi linalo. Matayala ndi mafulapu zikatsika ndipo liwiro lachepa, chotsani m'mutu maganizo okweranso kuti muyesenso kachiwiri. Mosquito makamaka siingakwerenso pa injini imodzi itafika pamenepo, ndipo kutera koipa pamsewu kuli bwino kuposa kupereka mphamvu yonse mbali imodzi muli pafupi ndi nthaka.

Mukazolowera zonsezi pa nyengo yozizira ya ku Ulaya imene mapulogalamu amayambira, sinthani nyengo ifanane ndi yathu. Bwalo la ndege la Chipata lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja, ndipo la Mfuwe, ngakhale lili m'munsi m'chigwa cha Luangwa, mu Okutobala kutentha kumafika madigiri 40. Mpweya wotentha ndi wa pamtunda ndi wopepuka, ndiye mapiko ndi mapulopela sagwira bwino, ndege imathamanga mtunda wautali isanachoke pansi, ndipo pa injini imodzi imakwera movutikira kapena osakwera n'komwe. Microsoft Flight Simulator ili ndi mapu a dziko lonse ndipo P-38 yake imagulidwa padera, choncho mukhoza kunyamuka pa Chipata masana a Okutobala, mathanki ali odzaza, n'kuzimitsa injini imodzi mutangopinda matayala, mapiri ozungulira tauni ali patsogolo panu. Yambani ndi mafuta theka, muwonjezere kulemera pokhapokha mutatha kuzungulira bwalo ndi kutera bwino katatu motsatizana, ndipo muzisinthasintha injini imene mukuzimitsa kuti phazi limodzi lisazolowere lokha.